Mwana amakhoza masamu a manambala, koma a nkhani akumuvuta: yankho kwa mayi a ku Rosettenville

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg. Mwana wawo wamkazi anaphunzira kumudzi mpaka Fomu 2, ndipo tsopano ali mu Grade 11. Akuti akapatsidwa ikweshoni yolembedwa kale amaiphwanya bwinobwino, koma funso likangobwera ngati nkhani, la munthu wosunga ndalama ku banki kapena la zaka za bambo ndi mwana wake, amalidumpha kapena kulemba zosagwirizana ndi zomwe afunsidwa. Funso lawo ndi lakuti amuthandize bwanji, komanso ngati kungakhale kwanzeru kumuchotsa ku Mathematics kupita ku Mathematical Literacy (phunziro la masamu ogwiritsa ntchito pa moyo wa tsiku ndi tsiku) asanafike matric, yomwe ndi Grade 12, kalasi yomaliza ya sekondale kuno.

Mayi, malinga ndi zomwe mwafotokoza, mwana wanu masamu akuwadziwa. Chomwe chikumuvuta ndi kusandutsa mawu kukhala ikweshoni, ndipo luso limeneli ndi lapadera, limafunika kuphunzitsidwa palokha. Kwa ana athu vutoli limakula chifukwa mayeso amabwera m'Chingerezi, pamene maganizo awo akadali kuyenda m'Chichewa. N'chifukwa chake chinthu choyamba chomwe ndimauza mwana aliyense amene ndikumuthandiza n'chakuti aike cholembera ndi kalikuleta pansi, awerenge funso kawiri, kenako andifotokozere nkhaniyo m'Chichewa ngati mmene angafotokozere agogo ake. Ngati walephera kuifotokoza, ndiye kuti sanaimve, ndipo chilichonse chomwe angalembe pambuyo pake chidzakhala cholotera. Apa inu mungathandize kwambiri ngakhale masamu a Grade 11 simunawaphunzire, pakuti ntchito yanu ndi kumvetsera ndi kumufunsa kuti, "Tsono akufuna upeze chiyani?"

Tiyeni tione funso limodzi mofatsa. Zaka za bambo ndi kuwirikiza katatu zaka za mwana wake, ndipo pakapita zaka 12 zidzakhala kuwirikiza kawiri. Kodi mwanayo ali ndi zaka zingati lero? Mzere woyamba womwe wophunzira ayenera kulemba si wa manambala ayi, koma chiganizo chonena kuti x ikuimira zaka za mwana lero. Mawu akuti "lero" ndi ofunika zedi, chifukwa m'nkhaniyi muli nthawi ziwiri. Lero mwana ali ndi x, bambo ali ndi 3x. Pakapita zaka 12, mwana adzakhala ndi x + 12, bambo 3x + 12, popeza onse awiri akukula limodzi. Tsopano ikweshoni yatuluka yokha: 3x + 12 = 2(x + 12). Ophunzira ambiri omwe ndakhala nawo amagwa pa mabulaketi amenewa, nalemba 2x + 12, kuiwala kuti chomwe chikuwirikizidwa kawiri ndi zaka zonse za mwana pa nthawiyo. Yankho ndi x = 12. Asanapite ku funso lina abwerere ku nkhani ija n'kuyesa: lero 12 ndi 36, kutsogoloko 24 ndi 48. Zagwirizana.

Pali mawu ena a Chingerezi omwe amasocheretsa chifukwa cha mmene amaimira m'chiganizo. Akalemba kuti "5 less than x", maso amaona 5 poyamba ndipo dzanja limathamangira kulemba 5 − x, pamene tanthauzo lake ndi x − 5. Mawu akuti "at least 3" amatanthauza 3 kapena kuposerapo, ndipo "at most 3" amatanthauza osapitirira 3. Mwana akhale ndi tsamba kumapeto kwa kope lake lolembapo mawu oterewa pamodzi ndi tanthauzo lake m'Chichewa, ndipo aziliwonjezera nthawi iliyonse mawu atsopano akamupunthwitsa.

Mafunso a ndalama ndi omwe ndikufuna muwaikepo mtima, chifukwa gawo la chiwongola dzanja limabwera mu pepala loyamba la masamu a matric chaka chilichonse. Tinene kuti munthu wasunga R8 000 kwa zaka 2 pa chiwongola dzanja cha 9% pa chaka, ndipo funso lanena kuti "compounded monthly". Fomula yake, A = P(1 + i)^n (P ndi ndalama zosungidwa, i ndi chiwongola dzanja, n ndi kuchuluka kwa nthawi zomwe chawerengedwa, A ndi ndalama zonse pamapeto), imapezeka pa tsamba la mafomula lomwe amapereka m'chipinda cha mayeso, choncho kuiloweza pamtima si kumene kuli ntchito. Ntchito ili pa mawu awiri aja. Iwo akutanthauza kuti chiwongola dzanja chikuwerengedwa mwezi ndi mwezi, motero 9% igawidwe ndi 12 kuti i ikhale 0,0075, ndipo zaka 2 zisanduke miyezi 24. Yankho ndi R9 571,31. Wophunzira amene wasintha zaka kukhala miyezi koma n'kuiwala kugawa 9% ija amapeza ndalama zoposa R63 000. Zimandipweteka mtima kuona mwana wanzeru akusiya yankho lotere papepala, chikhalirecho amadziwa bwino kuti palibe banki yomwe ingasandutse R8 000 kukhala R63 000 m'zaka ziwiri. Muphunzitseni kufunsa yankho lake ngati lingatheke m'moyo weniweni. (Muonanso kuti kuno m'manambala amalemba chizindikiro cha "comma", monga mu 0,0075, pamene kwathu timaika kadontho, azolowere msanga.)

Zitsanzo zina zili m'nyumba mwanu momwemo. Msonkho wa VAT muno mu South Africa wakhala 15% kuyambira mu 2018. Ngati katundu wagulidwa R230 msonkho uli momwemo, mtengo wake msonkho usanaikidwe ndi R200, womwe umapezeka pogawa 230 ndi 1,15. Wochotsa 15% pa R230 amapeza R195,50, ndipo walakwa chifukwa msonkhowo unawerengedwa pa R200. Malisiti a ku sitolo musamataye, azikhala mafunso ake a madzulo.

Pa za nthawi ndi malikisi ndinene mwachidule. Masamu a matric ali ndi mapepala awiri, lililonse la malikisi 150 ndi maola 3, kutanthauza kuti funso la malikisi 5 lisamudyere mphindi zoposa 6. Ochonga amapereka malikisi pa njira yomwe wophunzira wayenda, osati pa yankho lomaliza lokha, ndiye funso la nkhani asamalisiye lopanda kanthu. Fomula yoyenera ndi manambala oikidwa m'malo mwake zimabweretsa kale kenakake. Mapepala a zaka zam'mbuyo ndi mayankho ake amapezeka mwaulere pa tsamba la intaneti la Department of Basic Education. Atenge funso limodzi la nkhani tsiku lililonse, aliyese yekha, kenako ayerekeze mzere ndi mzere.

Tsopano za kumusamutsira ku Mathematical Literacy. Maganizo anga ndi akuti musafulumire. Phunziroli ndi labwino ndipo lili ndi ntchito yake, koma pafupifupi mafunso ake onse ndi a nkhani: mitengo ya magetsi ndi madzi, mapu, misonkho, bajeti ya pakhomo. Mwana amene vuto lake ndi kumva funso adzalipeza vutolo likumudikira kumeneko, ndipo adzakhala atasiya algebra yomwe amaikhoza. Komanso maphunziro monga a uinjiniya ndi udokotala ku yunivesite ya Wits amafuna Mathematics. Muyeseni kaye kwa teremu imodzi ndi njira yofotokoza nkhani m'Chichewa ndi kulemba chomwe x ikuimira. Mukapita kukaonana ndi aphunzitsi ake, apempheni pepala lake la mayeso apitawa, ndipo muone pa funso lililonse lomwe analakwa ngati cholakwikacho chili pa mzere woyamba kapena mkati mowerengera. Mukandilembera zomwe mwapeza, tidzaona limodzi pomwe tiyambire.