Nyimbo ya azigogo ndi kiyibodi: zimene Sakellaridis anachita ku Athens

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mphunzitsi wa kwaya wachinyamata. Akuti anatenga nyimbo yakale ya mumpingo mwawo, n'kuigawa m'mawu anayi, n'kuwongola pamene imakhota kuti igwirizane ndi kiyibodi. Achinyamata aikonda, koma azigogo akuti waipha. Funso lake n'lakuti, abwerere m'mbuyo kapena alimbe mtima?

Achimwene, funso lanu landilasa pamtima, ndipo ndikuyankhani modzera kutali. Mkangano umenewu unawira kwambiri ku Greece, ndipo pakati pake panali munthu wina dzina lake Ioannis Sakellaridis.

Anabadwa mu 1853 ku Litochoro, m'tsinde mwa phiri la Olympus, ndipo anamwalira ku Athens, likulu la Greece, mu 1938. Anali wopeka nyimbo, mphunzitsi, komanso wotsogolera kuimba m'matchalitchi a Orthodox, kuphatikizapo la Agia Irini pakati pa mzindawo. Kuti mumvetse zimene anachita, muyambe mwadziwa kaimbidwe kamene anakapeza. Nyimbo za Byzantine, zomwe ndi nyimbo zakale za m'matchalitchi a Orthodox a Agiriki, siziimbidwa ndi choimbira chilichonse, ndipo mulibe sopulano, aluto, tena ndi besi. Mzere wa nyimbo ndi umodzi, kenaka amuna ena amagwira liwu limodzi lapansi, lotchedwa ison, n'kumalikoka osalisiya pamene mtsogoleri akukwera ndi kutsika pamwamba pake. Magulu amakhala awiri, lina kumanja lina kumanzere, kumalandizana. Ali ndi mitundu isanu ndi itatu ya kayendedwe ka nyimbo, ndipo manotsi ake ena amagwera pakati pa makiyi a piyano, pamene chala sichingapeze. Ngakhale solofa yawo ndi yawoyawo: pa, vou, ga, di, ke, zo, ni, kuchokera pa kusintha kwa kalembedwe kumene Chrysanthos wa ku Madytos ndi anzake awiri anachita mu 1814.

Koma Athens wa nthawi ya Sakellaridis maso ake anali ku Ulaya wakumadzulo. Agiriki a ku Vienna anali atayamba kale kuimba m'mawu anayi mu 1844, mpaka likulu la mpingo ku Constantinople (Istanbul wa lero) linalemba kalata yoletsa mu 1846. Kalatayo sinaimitse chilichonse. Mfumukazi ya Greece, Olga, wochokera ku Russia, ankafuna kwaya ya mawu ogawa kunyumba yachifumu. Anthu ophunzira ankachita manyazi ndi kuimba kwa makolo awo, ati n'kwa m'mphuno ndipo kukumveka ngati kwa ku Turkey. Sakellaridis anasankha njira yapakati. Anafupikitsa nyimbo zazitali, anachotsa zokometsera zimene iye ankati n'zobwera, anawonjezera liwu lachiwiri ndi lachitatu loyenda mofewa pambali pa loyamba, ndipo zambiri anazisindikiza m'manotsi a mizere isanu kuti aliyense wodziwa piyano awerenge. Anthu anakhamukira kumene iye ankaimba. Agiriki osamukira ku America anatenga nyimbo zake n'kuziika pa ogani, ndipo m'matchalitchi ambiri kumeneko zikumvekabe. Mwana wake Theophrastos anakatchuka ndi masewero oimba a m'mabwalo a zisudzo, choncho khutu la zimene anthu amakonda linalipo m'banjamo.

Munthu ameneyu ndimamulemekeza. Sanali wowononga dala, ankafuna kuti anthu amve mawu a pemphero ndi kuimba nawo. Koma ndikamamvera nyimbo zake, kenaka n'kumvera zimene anazidula, amabwera m'mutu mwanga ndi azakhali anga.

Azakhali ndiwo ankayambitsa nyimbo kwathu, pamaliro ndi pamsonkhano wa amayi. Panali nyimbo ina imene iwo sankalowa pa notsi mwachindunji. Ankayambira pansi pang'ono, kukwera motsetsereka, ndipo asanamalize mzere amayi ena anali atalowa kale pansi pawo, mawu n'kupiringizana mwakuti sukanadziwa amene wayamba ndi amene watsatira. Kunabwera mphunzitsi wina wodziwa solofa bwino, ndi kiyibodi yake. Ndinali m'kwayamo, kumbuyo kwa matena. Azakhali akangoyamba, iye ankakweza dzanja, n'kugogoda kiyi imodzi ndi chala: "Apa, amayi. Liwu lanu lifike apa." Iwo ankayesa, koma khosi lawo linkabwerera kumene linazolowera. Atsikana akutsogolo anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Azakhali sanakangane ndi munthu. Anamanga buku lawo la nyimbo m'chitenje, ndipo kuyambira sabata imeneyo ankakhala pabenchi ya kumbuyo, pakamwa pali chotseka. Nyimboyo inapita kumpikisano itawongoledwa, inaimbidwa bwino, anthu anawomba m'manja. Pamaliro a azakhali tinafuna kuiimba mmene ankaimbira eni ake. Palibe anakwanitsa. Amayi okalamba ankadziwa polowera pawo, koma woti awatsegulire njira panalibe.

Ndiye musandiuze kuti kuwongola nyimbo n'kuikonza chabe. Chimene mphunzitsi amachitcha kukhota nthawi zambiri ndiye nyimboyo. Kiyibodi ili ndi makiyi khumi ndi awiri obwerezabwereza, khosi la munthu lili ndi malo ochuluka kuposa pamenepo, ndipo sindikuona chifukwa choti chida chogula m'sitolo chizilamula gogo amene waimba nyimboyo kuyambira ali mtsikana. Komanso izi za mipikisano zatipweteka. Oweruza amapereka mamalikisi pa zimene angathe kuziyeza papepala, makwaya n'kuyamba kuimba mofanana kuyambira kumpoto mpaka kumwera, ndipo mwana amakula akuganiza kuti kuimba kwa amayi ake n'kolakwika. Zimenezi zimandiwawa kuposa phokoso la masipika, ngakhale nalonso ndili nalo mawu.

Amene anatolera zotayidwa

Ku Greece otsutsa sanagone. Konstantinos Psachos, wochokera ku Constantinople, anayambitsa sukulu ya nyimbo za Byzantine pa Athens Conservatory mu 1904, ndipo ankalimbana kwambiri ndi kaimbidwe kosakaniza. Pambuyo pake Simon Karas anakhazikitsa bungwe lofalitsa nyimbo za mtundu wawo mu 1929, n'kuyendayenda m'midzi ndi m'zilumba kujambula okalamba akuimba, uku akufufuza m'mabuku akale olembedwa pamanja. Wophunzira wake Lycourgos Angelopoulos anayambitsa Greek Byzantine Choir mu 1977, ndipo anadzakhala wotsogolera kuimba pa Agia Irini pomwe paja panaima Sakellaridis. Mu 2019 UNESCO inaika kaimbidwe ka Byzantine pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Taonani utali wa ntchitoyo: mibadwo ingapo ya anthu kubwezeretsa zimene zinachoka mosavuta. Iwo anali ndi mwayi, chifukwa amonke a ku phiri la Athos ndi oimba a ku Constantinople sanasiye kaimbidwe kakale, ndipo mabuku analipo. Nyimbo ya azigogo anu ili m'makosi mwawo mokha.

Tsono chochita nachi, achimwene. Sabata ino pitani kwa azigogowo ndi foni, muwapemphe mwaulemu kuti aimbe mmene amaimbira, mujambule, ndipo kiyibodi muisiye kunyumba. Mzere wawo musaukhudze. Ngati mukufuna kuwonjezera mawu, yesani besi yogwira liwu limodzi pansi monga ison uja, mumve ngati ikuwanyamula kapena ikuwapanikiza, ndipo afunseni iwowo. Luso lanu la mawu anayi lisungireni nyimbo zatsopano zimene mupeke nokha. Imene mwaigawa kaleyo achinyamata aziimba pa konsati, koma Lamulungu ayambitse ndi gogo.