Chifukwa chake Lee Haines sanabwererenso mu Isidingo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Namwera. Akuti anatsutsana ndi amuna awo mpaka nsima kuzizira m'mbale. Funso lawo ndi ili: m'masewero a pa TV a ku Joni anthu amafa n'kudzukanso, nanga bwanji Lee Haines wa mu Isidingo sanabwerere mpaka seweroli linatha? Awonjezanso kuti mayi awo, omwe pano anatisiya, analira tsiku limene anamva kuti Lee wamwalira, ndipo ana onse anawaseka kuti akulirira mzungu wa m'kanema. Mpaka lero nkhaniyi imawabaya mumtima.

Achemwali, pepani ndi imfa ya mayi. Amuna anu sakunama akamati akufa amadzuka m'masewerowa. Mu sewero lina la Generations, Jack Mabaso tonse tinkadziwa kuti anafa, koma patapita zaka tinangomuona watulukira, suti ili pathupi. Olemba sewero akafuna, amangoti mtembo sunapezeke kapena munthuyo anabisala kunja. Koma za Lee zinali zina. Amene anayamba kumwalira si Lee ayi, koma Ashley Callie, mtsikana amene ankasewera ngati Lee. Anachita ngozi ya galimoto ku Johannesburg pa 8 February 2008, anagonekedwa m'chipatala atavulala kwambiri m'mutu, ndipo anamwalira pa 15 February ali ndi zaka 31 zokha.

Isidingo inayamba mu 1998 pa kanema wa ku Joni wa SABC3, ndipo nkhani yake inkachitikira m'tauni ya migodi yotchedwa Horizon Deep. Lee anabwera mu 2000 ngati mwana wamkazi wa Barker Haines, mkulu wachuma uja amene ankagula anthu ngati usipa wa pamsika. Kubadwa kwa bambo wotere si mwayi. Lee anatengera nzeru za bizinesi za bambo ake, kulimba mtima ndi kusagonja pa mkangano, koma nkhanza zawo sanatengere. Ichi n'chimene chinkandigwira mtima. Ankatha kuwayang'ana bambo ake m'maso n'kuwauza kuti alakwa, mawa lake n'kupezeka akuwateteza kwa adani awo. Ndani mwa ife alibe kholo lotero, limene umadziwa bwino zolakwa zake koma wina akalinyoza pagulu magazi amawira?

Ndiye panali Cherel, mkazi wa bambo akewo, yemwe anapha Duncan, mlongo wake wa Lee. Taganizani kudyera mbale imodzi ndi munthu amene m'manja mwake muli magazi a m'bale wanu. Panalinso chikondi chake ndi Rajesh Kumar, chongokhalira kuyaka ndi kuzima ngati nyali ya asodzi pa Malombe usiku wamphepo. Akazi ambiri kuno ankamuona Lee ngati mwana wawo: wophunzira, wogwira ntchito pakati pa amuna popanda mantha, koma wosowa mtendere kunyumba.

Mukumbuke mmene tinkaonera masiku amenewo. Madishi anali atadzadza pamadenga kuyambira pa boma pa Mangochi mpaka ku Makawa, ambiri atabwera ndi abale athu ogwira ntchito ku Joni, ndipo tima dekoda ta Philibao ndi Wiztech tinkakoka SABC ulere. Nyumba imodzi yokhala ndi magetsi inkasanduka bwalo la mudzi wonse. Kwathu ana ankakhala pamkeka, akuluakulu pamipando, ndipo amene ankamva bwino Chingerezi ankamasulira m'Chichewa ndi m'Chiyao. Lolemba mpaka Lachisanu, zaka pafupifupi 8, nkhope ya Lee inkalowa m'nyumba nthawi ya chakudya chamadzulo. Abale enieni angati amene amatiyendera chotero?

Chinapweteka kwambiri n'chakuti zigawo za masewerowa zimajambulidwa milungu ingapo zisanaonetsedwe. Choncho uthenga wa maliro utafika, tinkamuonabe Lee akuyenda, akuyankhula, akukangana ndi bambo ake. Ine ndinkalephera kumeza nsima. Kuno ambiri timaika maliro tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo mtima umayamba kuvomereza ukaona dothi likufotsera. Koma apa womwalirayo ankabwerabe madzulo alionse, akumwetulira.

Akuluakulu a seweroli akanatha kupeza mtsikana wina, kumupatsa dzina lomwelo, nkhani n'kumapitirira. Masewero ena amatero. Iwo sanatero, analola kuti Lee nayenso amwalire m'nkhaniyo. Ine ndimaona kuti anachita bwino kwambiri. Kuika munthu wina pampando umenewo kukanakhala ngati kuvala nsalu ya malemu sadaka isanachitike. Ndipo anzake amene ankalira pa kanema paja sankachita kuyerekeza. Robert Whitehead, amene ankasewera ngati Barker, anali atataya munthu amene anagwira naye ntchito zaka zonsezo ngati mwana wake. Mayi anu anaziona zimenezi, ngakhale mwina Chingerezicho sankachimva chonse. Anazindikira misozi yeniyeni, ndipo anachita zimene mzimayi aliyense wa kuno amachita akamva kulira kwa maliro kutsidya kwa mpanda: amatenga chitenje n'kupita kukakhala nawo. Iwo analira mwana wa munthu, wazaka 31, amene anachoka kunyumba madzulo osadzabwereranso. Inu munali ana, musadziimbe mlandu, koma dziwani kuti mayi sanapenge.

Mu 2013 ma dekoda aja anasiya kukoka SABC, ambiri tinasiyira pomwepo kutsatira. Isidingo inatha mu March 2020, ndipo mu 2024 tinamvanso za imfa ya Darlington Michaels, amene ankasewera ngati Papa G wathu uja m'seweroli, kenako Michelle Botes amene anali Cherel. Dishi ya kwathu ilipobe padenga, yachita dzimbiri, ndipo amayi anga amakana kuti tiitsitse. Amuna anu muwaonetse zimene ndalembazi, kenako mundilemberenso mundiuze mpando umene mayi ankakonda kukhalapo poonera.