Kodi mabomba a ku Hiroshima ndi Nagasaki anali oyenera?

Achimwene, mwafunsa ngati dziko la America linalakwa kuponya mabomba a nyukiliya ku Japan, poti ena amati ndi amene anathetsa msanga nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ine ndikuti linalakwa ndithu.

Pa 6 Ogasiti 1945 bomba linagwa ku Hiroshima, pa 9 Ogasiti lina ku Nagasaki. Pomatha chakacho, anthu pafupifupi 140,000 anali atafa ku Hiroshima, ndipo ku Nagasaki pafupifupi 70,000. Ambiri sanali asilikali ayi. Anali amayi, nkhalamba, ndi ana asukulu a ku Hiroshima amene m'mawa umenewo anali panja, akuthandiza kugwetsa nyumba kuti moto usamafalikire. Opulumuka, amene kwawoko amawatchula kuti hibakusha, ena anadzadwala khansa ya m'magazi patapita zaka, ndipo ambiri ankasalidwa akafuna banja kapena ntchito. Pamenepa ndi pamene pamandiwawa kwambiri.

Zoti mabombawo ndiwo anathetsa nkhondo, akatswiri a mbiri amatsutsanabe, chifukwa pa 8 Ogasiti dziko la Soviet Union nalonso linalengeza nkhondo yolimbana ndi Japan. Koma ngakhale zikanakhala zoona, malamulo a nkhondo amafuna kusiyanitsa msilikali ndi munthu wamba. Poizoni wa bomba limeneli anavulaza ngakhale ana amene anali m'mimba mwa amayi awo.