Za mawu oti "exorbitant" amene mwafunsa

Achimwene, mwafunsa kuti mawu oti "exorbitant" amene mwawaona m'nyuzipepala akutanthauza chiyani, komanso ngati ndi chimodzimodzi ndi "expensive". Amayandikana, koma si amodzi.

"Expensive" ndi kudula basi. Nyumba ya ku Namiwawa ndi yodula, ndipo palibe amene angadabwe nazo. Koma munthu akati "exorbitant" ndiye kuti mtengowo wapyola muyeso, ndi uja timati woboola m'thumba, ndipo wonenayo sakungofotokoza, akudandaula. Muli mkwiyo m'mawu amenewa.

Taganizirani mafuta akasowa. Pa filling station mzere wafika kutali, koma kuseri kwake anyamata ali ndi zigubu, akugulitsa petulo pamtengo wowirikiza. Kapena mvula yagwa madzulo ku Limbe, anthu adzaza pa siteji, kondakitala n'kukweza mtengo pompo chifukwa akudziwa kuti simungayende wapansi mpaka ku Ndirande. Kwa ine chitsanzo chenicheni ndi katapila: mwakongola K50,000, pakutha pa mwezi akufuna K75,000, ndipo khadi lanu la ku banki ali nalo ndi iyeyo. Chiwongoladzanja chotere ndiye "exorbitant interest".

Mawuwa anachokera ku Chilatini. "Ex" ndi kutuluka, "orbita" ndi kanjira kamene magudumu a ngolo amadutsamo. Ndiye kuti mtengo wapatuka panjira yake.

Pogwiritsa ntchito, aphatikizeni ndi mtengowo: "exorbitant prices", "exorbitant rent", "exorbitant fees". Musamunene munthu kuti ndi "exorbitant", sizimveka. Polemba samalani, mulibe "h". Ambiri amalemba "exhorbitant", mwina chifukwa chozolowera "exhaust", koma n'kulakwitsa.

Chomwe sindigwirizana nacho n'chakuti ena amangowaponya pa chilichonse chomwe chakwera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anayenera kukwera, wogulitsa sakanachitira mwina. Koma amene anabisa shuga m'sitolo kuti asowe, n'kudzamutulutsa pamtengo wa kufuna kwake, ameneyo ndiye mawuwa akumuyenera. Nkhani zotere mutha kukazidandaula ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo mukamalemba kalatayo muikemo mtengo wakale, mtengo watsopano ndi lisiti ngati muli nayo.