Kadontho kosochera pa galafu musakafufute

Sabata yathayi ndalandira imelo ya mtsikana wina wa ku sekondale. Anapachika zitsulo za magalamu 100, 200, 300, 400 ndi 500 pa sipuling'i, ndipo inatalika ndi masentimita 2.1, 3.9, 6.2, 9.5 ndi 10.1. Ataika timadontho papepala, kachinayi kanakakhala pamwamba pakokha. Funso lake ndi lakuti: "Kodi ndikatsitse pang'ono kuti mzere uwongoke, kapena ndingolumikiza kadontho ndi kadontho?"

Achemwali, zonse ziwirizo ayi. Kutsitsa kadontho ndi kulemba zimene maso anu sanaone, ndipo zimandipweteka ndikaona ophunzira akuzolowera zimenezi. Kulumikiza timadontho nako kumatulutsa mzere wokhotakhota ngati mano a sowo, pamene sipuling'i simachita choncho. Robert Hooke anasindikiza mu 1678 kuti sipuling'i imatalika molingana ndi mphamvu imene ikuikoka, bola isakokedwe mopyola malire ake. Manambala anu anayi akugwirizana naye: magalamu 100 alionse akuwonjezera pafupifupi masentimita 2. Ndiye pa 400 timayembekezera chapafupi ndi 8, osati 9.5.

Kazungulizeni kadonthoko ndi pensulo, kakhale pomwepo. Ngati zipangizo zikadalipo, yezaninso. Nthawi zambiri vuto limakhala loti munawerenga sipuling'i ikadanjanja, kapena diso linali pamwamba m'malo molunjika ndi nambala ya pa rula. Pansi pa galafu lembani chimene mukuganiza kuti chinachitika.

Kenako tengani rula yoonekera mkati, muigoneke pa timadontho tinayi totsalato. Isunthenisuntheni mpaka tina tikhale pamwamba, tina pansi, tonse pafupi ndi m'mphepete mwake. Jambulani mzere wowongoka kamodzi kokha, osabwerezabwereza. Umenewu ndi umene aphunzitsi amautcha line of best fit, ndipo sukakamizidwa kukhudza kadontho kalikonse. Pa ntchito yanuyi uyambire pa 0, poti popanda chitsulo sipuling'i sitalika.

Simunandifunse za sikelo ya galafu, kutanthauza nambala imene bokosi lililonse la pa pepala la galafu liimire, koma ndi pamene ambiri amagwera. Chimene mumasintha nokha, apa ndi magalamu, chipite pa mzere wogona. Chimene mumayeza chipite pa woimirira. Bokosi lalikulu liimire 1, 2, 5 kapena 10, kapenanso 50 ndi 100. Mukasankha 3, kabokosi kakang'ono kakhala 0.3, ndiye tayesani kupeza 6.2 pamenepo, muona mutu ukuwawa. Timadontho tidzaze kuposa theka la pepala; galafu yopanikizika pakona imabisa zolakwika, ndipo mwina 9.5 uja simukanamuona n'komwe.

Pensulo ikhale yosongoka. Ine ndimakonda ka x kakang'ono kusiyana ndi kadontho konenepa, chifukwa pamene timizere tadutsana ndi pamene pali nambala yeniyeni. Pa mizere iwiri ija, wogona ndi woimirira, lembani dzina la chinthu ndi muyeso wake, g ndi cm, ndipo pamwamba pakhale mutu.

Akakufunsani gradient, kutanthauza kutsetsereka kwa mzere, sankhani malo awiri otalikirana pa mzere umene mwajambula, osati manambala a mu tebulo lanu. Gawani kukwera kwa mzere pakati pa malo awiriwo ndi kutalika kwa chogona pakati pa malo omwewo. Muyenera kupeza chapafupi ndi masentimita 0.02 pa galamu imodzi. Mukayezanso pa 400 paja mundilembere, ndikufuna kumva kuti mwapeza zingati.