Banja latha, m'manja mwatsala K200,000: nditenge katapila kuti ndiyambe geni ya pa Facebook?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa mu Blantyre. Dzina lawo ndasunga monga anapempha, koma andilola kuti ndiyankhire pano poti ambiri ali m'mavuto omwewa.

Nkhani yawo mwachidule ndi iyi. Banja lawo la zaka 9 linatha miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Ali ndi ana awiri, wamkulu ali Sitandade 5, wamng'ono sanayambe sukulu. Anachoka kunyumba ndi zovala, mapoto ndi filiji. Filijiyo agulitsa, ndipo atalipira lendi ya chipinda chimodzi ku Ndirande atsala ndi K200,000. Bambo a anawo ali pa ntchito koma chichokereni sanatumizepo ngakhale sopo, ndipo mayiwa akuti safuna kukawagwadira. Akufuna kuyamba kugulitsa nsapato ndi zikwama pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mayi wina wa katapila wawalonjeza K400,000 yoti adzabweze K600,000 pakatha mwezi. Funso lawo ndi lakuti: "Nditenge ndalamayi kuti ndiyambe ndi katundu wooneka, kapena ndiyambe ndi kochepa komwe ndili nakoka?"

Achemwali, pepani kwambiri ndi zimene zakugwerani. Inenso banja langa linatha ndili ndi mwana kumsana, ndipo ndikukumbukira usiku umene ndinkawerenga ndalama pamphasa kawiri katatu ngati kuti ziwonjezereka. Choncho sindikuyankhani ngati munthu woonerera patali.

Ndalama ya katapilayo musatenge.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuti mubweze K600,000 mufunika phindu la K200,000 m'masiku 30, ndipo phindu limenelo lonse ndi la mwini katapila, inu simunadyepo ngakhale tambala. Tiyerekeze kuti pa peyala imodzi ya nsapato mukupindulapo K5,000. Ndiye kuti mugulitse mapeyala 40 m'mwezi woyamba, tsamba lanu lisanadziwike, anthu asanayambe kukukhulupirirani kuti akatumiza ndalama katundu afikadi. Munthu woyamba kumene pa intaneti amatha sabata yathunthu anthu akungofunsa kuti "zingati?" kenaka ziii. Mwezi ukatha ndalama isanakwane, chiwongoladzanja chimakwera pa chinzake, ndipo mwini ndalama amabwera kudzanyamula matiresi amene ana anu amagonapo. Ngongole imakoma potenga.

Koma pali china m'kalata yanu chimene chandikhudza kuposa katapilayo, ndi mawu aja akuti simufuna kukagwadira bambo a ana. Ndikukumvetsani. Inenso ndinalumbira kuti sindidzalandira kanthu kochokera kwa munthu amene anandinyoza, ndipo kulumbira kumeneko ndi kumene kunapha geni yanga yoyamba. Ndinali ndi mpamba wa zitenje. Ndikagulitsa ziwiri, ndalamayo inkapita ku ufa ndi makala. Ndikagulitsa zitatu, mwana wadwala. Itatha miyezi inayi ndinatsala ndi zitenje zinayi zamaluwa oipa zimene aliyense ankazikana. Makasitomala analipo, malonda ankayenda ndithu, koma mpamba wonse unathera mumphika. Geni yatsopano singathe kudyetsa anthu atatu, kulipira lendi, ndi kudzikuza yokha nthawi imodzi.

Ndalama ya chisamaliro cha ana si mphatso imene bambo amapereka kwa mkazi amene anasiyana naye. Ndi ya anawo. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limanena kuti kholo lililonse lili ndi udindo wopezera mwana chakudya, zovala, pogona, chithandizo cha kuchipatala ndi maphunziro, kaya banja lilipo kaya linatha. Mukhoza kukadandaula ku khoti la majisitireti kapena khoti loona za ana. Khoti limayang'ana zimene makolo nonse awiri mumapeza ndi zimene ana amafunika, kenaka limalamula ndalama yoperekedwa. Popita mutenge zikalata za kubadwa kwa ana kapena mabuku awo a kusikelo, malisiti a kusukulu, umboni wa lendi, ndi kapepala kolemba zimene mumagula pamwezi. Ngati mulibe ndalama ya loya, Legal Aid Bureau ndi bungwe la boma lothandiza anthu ngati inu, ndipo mu Blantyre muli ofesi yake.

Mufunsenso za katundu wa m'banja. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka kwa mayi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri banja likatha. Lamulo la Marriage, Divorce and Family Relations Act la 2015 limaonjezera kuti pogawa, khoti liwerengerenso ntchito zapakhomo. Zaka 9 zophika, kuchapa ndi kulera ana zimawerengedwa, ngakhale malisiti onse ali m'dzina la bambo. Simunandiuze ngati ukwati wanu unathetsedwa ku khoti kapena munangosiyana pamaso pa ankhoswe. Ngati unali wa chikamwini, mufunsenso za mwambo uja woti mwamuna amangire mkazi nyumba kwawo, chifukwa makhoti athu amauzindikira. Nkhani za kukhoti zimachedwa, zimatopetsa, ndipo achibale ena adzati mukuchititsa manyazi banja. Yambani msanga chifukwa chomwecho choti zimachedwa.

Tsopano za geniyo.

Ubwino waukulu wogulitsa pa intaneti ndi wakuti mukhoza kupeza wogula musanagule katundu. Wa pa benchi mu Limbe ayenera kudzaza benchi kuti anthu aime. Inu mukufunika chithunzi chabwino. Pitani kwa anthu opikulitsa amene amabweretsa nsapato ndi zikwama kuchokera ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, mulankhule nawo mwaulemu kuti mujambule katundu wawo. Ambiri amavomera, poti mukuwathandiza kugulitsa. Ikani zithunzizo pa status ndi mtengo wanu. Munthu akafuna, apereke theka, inu mukapikule, amalize polandira. Pa K200,000 yanuyo, ine ndikanapatula K120,000 yokha ngati mpamba, K15,000 ya bandulo ndi mayendedwe, yotsalayo ndikanaisunga ya mwadzidzidzi osaikhudza. Mpambawo mugule zinthu zochepa zimene anthu afunsa kale kawiri kapena katatu, osati zimene zakusangalatsani inu.

Pa nsapato ndikuchenjezeni: zimavuta ndi masaizi. Mukagula katoni mumatsala ndi saizi zazing'ono kwambiri ndi zazikulu kwambiri, ndipo phindu lanu lonse limagona m'zotsalazo. Chikwama chilibe saizi. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi zikwama, kuphatikizapo za ana asukulu poti teremu ikamatsegulidwa zimafunidwa, nsapato n'kumaoda pokhapokha munthu watchula saizi yake ndipo walipirako.

Jambulani masana, panja pamthunzi, katundu ali pa nsalu yoyera yosachita maluwa. Lembani mtengo pachithunzi pomwepo. Chizolowezi chija choyankha kuti "bwerani ku inbox" chimathamangitsa anthu, chifukwa amaganiza kuti mtengo mukuusintha poona nkhope. Ikani WhatsApp Business, ndi yaulere, ndipo ili ndi malo oika katundu yense ndi mitengo yake kuti munthu adzionere yekha. Status imafufutika pakatha maola 24, ndiye muziika tsiku ndi tsiku, m'mawa anthu ali m'minibasi ndi madzulo akaweruka. Makasitomala anu oyamba sadzachokera kutali. Adzakhala amayi a kumpingo, a ku banki mkhonde, makolo anzanu a kusukulu ya mwana wanu. Apempheni asunge nambala yanu, inunso musunge yawo, apo ayi status yanu saiona.

Ndikudziwa kuti apa pali chopweteka. Kuika malonda pa status ndiye kuti azilamu anu akale aona, ndipo ena adzanena kuti taonani wayamba kuvutika. Ine zinanditengera milungu itatu kuti ndiike chithunzi choyamba chifukwa cha manyazi omwewo. WhatsApp imalola kusankha anthu oti asaone status yanu. Abiseni amene akukusowetsani mtendere, muzigwira ntchito yanu.

Ndalama ya geni ikhale ndi nyumba yakeyake. Ngati ndalama ya pakhomo mumasunga ku Airtel Money, ya geni ikhale ku TNM Mpamba, kapena mosinthanitsa. Nambala zonse zikhale zolembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika. Ngati SIM imene muli nayo analembetsa ndi bambo a ana, kapena amadziwa PIN yanu, konzani zimenezo musanalandire ndalama ya kasitomala ndi mmodzi yemwe. Musinthenso mawu achinsinsi a Facebook ndi imelo. Gulani kope la K1,000, muzilemba chilichonse: munagula zingati, kabaza zingati, bandulo zingati, ndalama imene amadula potapa kwa ejenti zingati. Timadulidwe timeneti timaoneka tochepa koma ndi timene timadya phindu mwakachetechete. Loweruka lililonse dzilipireni ndalama yodziwika kuchokera pa phindu. Sabata imene phindu palibe, malipiro palibenso, ndipo apa ndi pamene ndalama ya chisamaliro cha ana imapulumutsa mpamba wanu.

Poika mtengo musamayang'ane ndalama imene munagulira, muziyang'ana imene mukagulire mawa. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu May 2022. Amene anagulitsa katundu wakunja pa mtengo wakale anaona ngati apindula, koma pobwerera kopikula anapeza kuti ndalama yonse singagulenso katundu wofanana ndi amene anali naye. Musanayankhe kasitomala, funsani kaye kopikula mtengo wa lero.

Akuba a pa foni amakonda anthu oyamba kumene. Wina adzakutumizirani uthenga wooneka ngati wa Airtel Money kapena Mpamba wonena kuti mwalandira ndalama, kenaka n'kuimba kuti watumiza molakwitsa mumubwezere. Wina adzatumiza chithunzi cha lisiti yabodza n'kumakufulumizitsani kuti wa kabaza ali panjira. Musakhulupirire uthenga kapena chithunzi, yang'anani nokha ndalama yotsala mu akaunti yanu musanatulutse katundu. PIN yanu musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni. Enanso adzabwera ku inbox ndi nkhani yoti muike K50,000 ibereke K200,000 pa sabata, bola mukoke anzanu atatu. Munthu amene banja lake latha kumene amamuona ngati nyama yofooka. Atsekeni osayankha.

Ngongole kwa makasitomala ndiyo ina. Achibale ndi anzanu adzatenga chikwama n'kunena kuti adzalipira pa malipiro. Panopa mulibe mphamvu yokongoza munthu. Muziyankha mofatsa kuti katunduyu ndi wa eni ake, mumangogulitsira, ndipo pa zinthu zoodazo chimenecho ndi choona.

Nthawi yobwereka idzafika. Mukadzaona m'kope lanu kuti kwa miyezi itatu yotsatizana maoda akuposa mpamba wanu, pamenepo mukhoza kubwereka ku banki mkhonde kapena ku SACCO (bungwe limene mamembala amasungako ndi kubwerekako ndalama), ndalama yokwanira maoda amene muli nawo kale m'manja. Za kulembetsa dzina la bizinesi ndi kutenga TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ku MRA tidzakambirana geni ikaima, poti mudzazifuna mukamadzatsegula akaunti ya bizinesi ku banki.

Mawa m'mawa muwauze mayi a katapilawo kuti mwasintha maganizo, ndipo muwathokoze bwinobwino chifukwa mukhala nawo dera limodzi. Lolemba mupite ku Legal Aid Bureau ndi mapepala a ana. Pobwerera mudzere kopikula zikwama, mujambule zisanu zokha. Mukajambula munditumizire zithunzizo pa imelo yomweyi pamodzi ndi mitengo imene akuuzani, tiwerengere limodzi mtengo wogulitsira musanaziike pa status.