Kodi m'kati mwa scrum mumachitika chiyani?

Aphunzitsi ena a ku Katete anditumizira imelo. Akuti rugby amaonera pa TV ndipo zothamanga ndi mpira amazimvetsa, koma amuna aja akawerama n'kulumikizana mitu, wezulo n'kulira, iwo amasokonezeka. Akufunsanso ngati angaphunzitse ana awo zimenezi.

Aphunzitsi, scrum ndi njira yoyambiranso masewera pakachitika cholakwa chaching'ono, makamaka mpira ukapulumuka m'manja n'kugwera kutsogolo, kapena wina akauponyera mnzake kutsogolo. Timu iliyonse imabweretsa anthu 8. Kutsogolo kumakhala atatu: hooker, wovala nambala 2, ali pakati pa ma prop awiri, nambala 1 ndi 3. Kumbuyo kwawo kumalowa a nambala 4 ndi 5, m'mbali 6 ndi 7, ndipo nambala 8 amatsekera. Kuyambira mu 2013 woyimbira amati crouch, bind, set, kutanthauza kuti weramani, gwiranani, kenako lumikizanani. Nambala 9, amene sali m'gulu la anthu 8 aja, amalowetsa mpira pansi pakati pa matimu awiriwo, ndipo hooker amaukokera kumbuyo ndi phazi. Manja saloledwa. Ntchito ya nambala 9 imeneyi ndi imene George Gregan, wobadwira ku Lusaka, anagwirira Australia m'masewera 139.

Langizo langa n'lakuti musamayang'ane mpira. Yang'anani ma prop. Nambala 3 mutu wake umapanikizidwa mbali zonse ziwiri, pomwe nambala 1 ali ndi mbali imodzi yomasuka, ndipo nkhondo yonse ili pakati pa nambala 1 wa timu ino ndi nambala 3 wa timu inayo. Onani msana ngati wawongoka, mapewa ngati atsika kuposa chiuno, chigongono ngati chikukokera mnzake pansi. Wezulo uja amalira chifukwa cha zimenezi, kapena chifukwa wina wakankha mopingasa kapena wadzuka. Kunenepa kokha sikupambana. Inu mukudziwa kuti ng'ombe ziwiri zamphamvu zikapanda kukokera pamodzi pa goli, ngolo siyenda.

Anthu ena amati scrum imangotaya nthawi. Ine ndimakana. Pa fainolo ya World Cup ya 2019 ku Yokohama, South Africa inagonjetsa England 32 kwa 12, ndipo chimene chinayamba kufooketsa England ndi scrum, pomwe Tendai Mtawarira wobadwira ku Harare ndi anzake ankapeza penate motsatizana. Mu 2023 matimu omwewa anakumananso mu semifainolo, ndipo penate yochokera pa scrum chakumapeto ndi imene Handré Pollard anamenya, South Africa n'kupambana 16 kwa 15.

Za ana, chonde musafulumire. Scrum ikagwa, kulemera konse kumathera pakhosi la atatu akutsogolo, ndipo khosi likavulala mwana akhoza kulumala moyo wake wonse. Mabwalo athu kuno kum'mawa amauma gwa m'chilimwe. Yambani ndi rugby ya anthu 7, imene Zambia inasewera pa Commonwealth Games mu 2018 ndi 2022, chifukwa scrum yake ndi ya atatu okha mbali iliyonse. Aphunzitseni kuwerama msana uli wowongoka ndi kugwirana bwino popanda kukankhana, ana ofanana misinkhu okhaokha. Zokankhana zidikire mpaka mutapeza kochi amene anaziphunzira.